Mpikisano wa mapikapu pa dothi la Eldora: mmene unayambira, mmene unkayendera, ndi chimene chinauthetsa

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kuyambira 2013 mpaka 2019, mapikapu a mpikisano a NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano ya galimoto ku America, ankasiya phula usiku umodzi pachaka n'kukathamanga pa dothi. Malo ake anali bwalo la Eldora Speedway, pafupi ndi kamudzi ka Rossburg m'chigawo cha Darke, kumadzulo kwa Ohio ku America, pakati pa minda ya chimanga. Mpikisanowu unayamba ndi dzina loti Mudsummer Classic ndipo kuchokera mu 2016 unkatchedwa Eldora Dirt Derby. Unkakoka anthu, madalaivala ankaukonda, ndipo pa mipikisano isanu ndi iwiri imene inachitika sipanapezeke munthu wopambana kawiri. Komabe unatha. Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kuyamba wadziwa bwalolo, galimoto zake, ndi ntchito imene inkalowa pophatikiza zinthu ziwirizi, zimene sizinapangidwe kuti zikumane.

Bwalo la Baltes ndi Stewart

Eldora inamangidwa mu 1954 ndi Earl Baltes. Poyamba inali yaing'ono, kota ya mailo, koma pofika 1958 anali ataikulitsa kufika pa theka la mailo, omwe ndi mamita pafupifupi 800 kuzungulira kamodzi. Ili ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri aakulu, ndipo galimoto zimakhotera kumanzere kokhakokha. Chimene chimaisiyanitsa ndi mabwalo ambiri a dothi ndi kupendekeka kwake. M'makona msewu ndi wopendekeka madigiri 24, m'mbali zowongoka madigiri 8. Kupendekeka kotereku kumalola galimoto kulowa m'kona ndi liwiro lalikulu, ndipo kumachititsa kuti mzere wachangu kwambiri nthawi zambiri ukhale kumtunda, pafupi penipeni ndi khoma la konkire.

Baltes anaikweza ndi mipikisano ya ndalama zambiri monga World 100 imene inayamba mu 1971, Kings Royal mu 1984 ndi Dirt Late Model Dream mu 1994. Chakumapeto kwa 2004 anagulitsa bwaloli kwa Tony Stewart, dalaivala amene anakulira pa dothi asanakhale katswiri wa ligi yaikulu ya NASCAR ya Cup mu 2002, 2005 ndi 2011. Stewart ndiye anali mlatho pakati pa magulu awiriwa. Kuchokera mu 2005 mpaka 2012 ankachititsa mpikisano wothandiza ovutika wotchedwa Prelude to the Dream, pomwe madalaivala otchuka a phula ankabwera kudzayendetsa galimoto za pa dothi. Apa m'pamene akuluakulu a NASCAR anaonera kuti anthu ndi okonzeka kulipira kuti aone akatswiri awo akuterereka m'fumbi.

NASCAR yeniyeniyo inabadwira pa dothi, koma inali itachokapo kalekale. Pa nthawiyo, mpikisano womaliza wa ligi yaikulu pa dothi unali utachitika pa 30 Seputembala 1970 ku Raleigh, North Carolina, ndipo anapambana ndi Richard Petty. Ligi ya mapikapu, imene inayamba mu 1995, inali isanapondepo dothi. Mu Okutobala 2012 Stewart ndi Austin Dillon anayesa mapikapu pa Eldora, ndipo mwezi wotsatira analengeza kuti mpikisano udzachitika mu Julaye 2013. Zaka 43 zinali zitadutsa.

Galimoto yosayenera malowo

Pikapu ya NASCAR si ija mumaona ikunyamula matumba. Maonekedwe akunja okha ndi amene amafanana ndi Chevrolet Silverado, Toyota Tundra kapena Ford F-150. M'kati ndi chimango cha mapaipi achitsulo owotcherera, mpando umodzi, injini ya V8 yotulutsa mahosipawa opitirira 600, ndi giyabokosi ya magiya anayi osintha pamanja. Mphamvu zonse zimapita ku matayala akumbuyo. Kumbuyo kumene kukanakhala bodi yonyamulira katundu n'kotsekedwa ndi chivindikiro chachitsulo. Yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500.

Kulemera kumeneku ndiye gwero la nkhani yonse. Galimoto zimene zinapangidwira Eldora ndi zopepuka kwambiri. Ya mtundu wa sprint car imalemera makilogalamu osapitirira 700 dalaivala ali momwemo, ili ndi mahosipawa pafupifupi 900 ndi phiko lalikulu pamwamba loipanikizira pansi, ndipo imazungulira bwaloli m'masekondi pafupifupi 13. Pikapu inkatenga masekondi pafupifupi 20. Pa mwambo woyamba Ken Schrader ndiye anathamanga kwambiri pa mayeso a nthawi, ndipo liwiro lake linali makilomita pafupifupi 147 pa ola. Anali ndi zaka 58, ndipo anakhala munthu wamkulu kwambiri kupeza malo oyambira kutsogolo m'maligi atatu akuluakulu a NASCAR (ya Cup, yachiwiri ndi ya mapikapu).

Kuchedwa kumeneku sikunaononge kanthu. Kunathandiza. Galimoto yolemera, ya mphamvu zochuluka kuposa zimene matayala angagwiritse pansi, siilola munthu kungoponda moto mpaka pansi. Amene anayendetsapo pikapu yopanda katundu pa msewu wa makande mvula itangokata akudziwa mmene kumbuyo kumafunira kupitirira kutsogolo mukangoonjezera moto pang'ono. Dalaivala pa Eldora ankakhala mu mkhalidwe umenewo kwa maulendo 150 ozungulira bwalo, anzake pafupifupi 30 ali pambali pake.

Amakaniko ankasintha zinthu zingapo. Choyamba ankachotsa splitter, kachitsulo kafulati kamene kamakhala kunsi kwa bampala yakutsogolo ndipo pa phula kamatsala pang'ono kukhudza pansi. Pa dothi kakanangokumba ngati khasu la pulawo n'kuthyoka. Galimoto ankaikweza kuti mimba yake isamakhule pansi, ndipo masipuling'i ndi mashoko ankawafewetsa kuti kulemera kuzigwera pa tayala lakumbuyo la kumanja pamene ikukhota, chifukwa tayala limenelo ndilo limakankha galimoto potuluka m'kona. Kutsogolo kwa ladiyeta ankaika sefa wa waya wotchinga zibuma ndi miyala, ndipo pa boneti ankaika kotchinga kakang'ono kopatutsa dothi kuti lisamamenye galasi.

Galasi lakutsogolo linali vuto lalikulu. Galimoto zenizeni za pa dothi sizikhala nalo. Dalaivala amangovala chisoti chokhala ndi timapepala tapulasitiki tosanjikizana pamaso, ndipo kamodzi kakada amakasomphola n'kutaya. Mapikapu anasiyidwa ndi magalasi awo, ndipo dothi likamata pagalasipo dalaivala sangatulutse mkono n'kupukuta ali pa liwiro. Kotero momwe bwalo ankalikonzera zinkadalira kwambiri galasi limeneli ndi ladiyeta.

Matayala anali a Goodyear opangidwira mwambowu. Pa phula mapikapu amagwiritsa ntchito matayala osalala opanda mano. A pa Eldora anali ndi mano a timabokosi oluma dothi ndi kutaya lofewa m'mbali, ndipo anali a mtundu wakale wa bias-ply umene m'mbali mwake mumapindika mosavuta, zomwe zimathandiza tayala kutsatira mabampu. Chinanso n'chakuti matayala a kumanzere anali aang'ono kuzungulira kwake poyerekeza ndi a kumanja. Kusiyana kumeneku amakutcha stagger. Popeza matayala awiri akumbuyo amazungulira pamodzi dalaivala akaponda moto, la kumanja lomwe ndi lalikulu limayenda mtunda wautali pang'ono, ndipo galimoto imadzikhotera yokha kumanzere. Stagger ikachepa galimoto imakana kukhota, mphuno imalunjika kukhoma. Ikachuluka kumbuyo kumathawa msanga potuluka m'kona. Amakaniko ankasewera ndi mpweya wa m'matayala kuti apeze pakati.

Ntchito ya madzi ndi dothi

Anthu ambiri oonera pa TV sadziwa kuti bwalo la dothi limakonzedwa mwatsopano pa mpikisano uliwonse. Ogwira ntchito amagawula dothi lapamwamba ndi thirakitala, amathira madzi ndi galimoto za mathanki, amasalaza ndi giredala, kenako amayendetsapo galimoto zolemera mozungulira mpaka dothi litagwirana. Kuchuluka kwa madzi, nthawi yothira, mphepo ya tsikulo ndi dzuwa zimasintha zonse.

Kwa galimoto zopepuka amakonda dothi lachinyezi chambiri chifukwa matayala amagwira bwino. Kwa mapikapu sizingatheke. Dothi likanyowa kwambiri, zinthu zitatu zimachitika. Matope amatseka sefa wa ladiyeta, mpweya sulowa, madzi a mu injini amawira, injini n'kufa. Matope amamata pagalasi, dalaivala saona. Ndipo galimoto 30 zolemera tani imodzi ndi theka iliyonse zimakumba maenje m'makona, omwe amathyola mashoko ndi kudumphitsa galimoto. Koma likauma kwambiri pamabuka fumbi loti munthu wa kumbuyo saona bampala ya mnzake, ndipo labala wa matayala amayamba kumatirira pansi. Labalayo akapanga mzere wakuda pamalo amodzi, mzerewo umagwira ngati phula, aliyense amathamangira pomwepo, ndipo kupitirirana kumatha. Mpikisano umasanduka mdipiti.

Antchito a pa Eldora, motsogozedwa ndi manijala wa bwalo Roger Slack ndi Stewart mwiniwake amene ankakwera yekha thirakitala, ankalikonza lolimba ndi louma kuposa mmene amachitira pa mipikisano yawo ya masiku onse, koma losafika pomata labala msanga. Pa nthawi zopumira ankathiranso madzi kapena kugawula mbali ina kuti mizere iwiri ikhale yotseguka. Luso limeneli silipezeka m'buku la malamulo. Limabwera chifukwa chogwira dothi limodzimodzilo kwa zaka zambiri, ndipo ndi limene linasowa pamene mpikisanowu unasamutsidwa.

Usiku ukamapita bwalo limasintha. Pakati pamaterera n'kuyamba kunyezimira. Dothi lofewa limene matayala amataya limaunjikana kumtunda n'kupanga kamzere kotukuka kamene amakatcha cushion. Dalaivala wodziwa amatsamiritsa tayala lakumbuyo la kumanja pa kamzereko kuti kamukankhe potuluka m'kona. Vuto n'lakuti pa Eldora kamzereka kamasunthira kumtunda pang'onopang'ono mpaka kukafika pakhoma penipeni. Ukatsika pang'ono uli poterera ndipo anzako akukupitirira. Ukakwera masentimita ochepa kuposa muyezo, wamenya konkire. N'chifukwa chake pafupifupi pikapu iliyonse inkamaliza mbali ya kumanja kumbuyo itaphwanyika.

Njira yopitirira mnzako inalinso ina. Amaitcha slide job. Wotsatira amalowa m'kona cha m'munsi ndi liwiro loposa limene galimoto ingagwire, amailola kuti iterereke chammbali kukwera kumtunda, n'kukatsekera patsogolo pa mnzake. Akalakwitsa muyezo amamenya mnzakeyo kapena khoma. Akachita bwino koma n'kutaya liwiro, wopitiriridwayo amatsikira pansi pake n'kumubwezera pa kona yotsatira. Pa phula zimenezi sizichitika kawirikawiri, ndipo ndi zimene zinkaimiritsa anthu m'mipando.

Dongosolo la usikuwo

NASCAR inabwereka dongosolo la mabwalo a dothi. Tsiku linkayamba ndi mayeso a nthawi, galimoto imodzi imodzi. Kenako ankagawa onse m'magulu asanu ndipo gulu lililonse linkathamanga kampikisano kafupi, maulendo 8 mu 2013 ndipo 10 m'zaka zotsatira. Timipikisanoti ndito tinkasankha malo oyambira. Otsala opanda malo ankalimbana mu mpikisano wa mwayi womaliza wa maulendo 15. Ochedwa pamenepo ankakweza galimoto zawo m'malole n'kubwerera kwawo. Mu mpikisano waukulu munkalowa mapikapu 30 m'zaka ziwiri zoyamba, ndipo 32 kuyambira 2015.

Mpikisano waukulu unali wa maulendo 150, makilomita pafupifupi 121, wogawidwa patatu. Poyamba zigawozo zinali 60, 50 ndi 40, ndipo kuyambira 2017 anazitembenuza kukhala 40, 50 ndi 60. Eldora ilibe msewu wa amakaniko wonga wa mabwalo a phula, wokhala ndi malo oimika galimoto iliyonse, kotero panalibe kupikisana posintha matayala m'masekondi. Galimoto zinkalowa m'kati mwa bwalo pa nthawi yopuma pakati pa zigawo, amakaniko n'kusintha matayala, kuthira mafuta, kuchotsa dothi pa sefa, kupukuta galasi ndi kuwongola zitsulo zokhula tayala. Zimenezi zinkathandiza matimu osauka, omwe pa mabwalo ena amataya malo chifukwa alibe anyamata achangu osintha matayala. M'zaka zomalizira timu inkatha kusankha kusalowa n'komwe kuti ipeze malo akutsogolo, ndipo chisankho chimenechi chinadzagamula mpikisano womaliza.

Bwaloli linalibenso makoma ofewa a SAFER amene amamwa mphamvu ya ngozi, omwe NASCAR imafuna pa mabwalo ake ozungulira. Analilola choncho chifukwa liwiro linali lotsika. Tsiku lake linali Lachitatu usiku, kupatula mu 2019, ndipo m'zaka zisanu zoyamba linkagwera sabata ya mpikisano wa Cup wa Brickyard 400 ku Indianapolis, mtunda wa maola pafupifupi awiri pa galimoto. Madalaivala a Cup ndi atolankhani anali kale pafupi, ndipo pakati pa sabata panalibe mpikisano wina wolimbirana nawo oonera.

Opambana asanu ndi awiri

Pa 24 Julaye 2013 matikiti anali atatha kale. Madalaivala a phula anasakanikirana ndi akatswiri a dothi obwerekedwa usiku umodzi, monga Scott Bloomquist, mmodzi wa odziwika kwambiri pa galimoto zopepuka za pa dothi zotchedwa late model. Ambiri ankayembekezera kuti akatswiriwa asesa, koma Bloomquist anamalizira kumbuyo kwenikweni. Pikapu siimvera ngati late model, ndipo kudziwa dothi kokha sikunali kokwanira. Anapambana ndi Austin Dillon mu Chevrolet nambala 39 ya timu ya agogo ake, Richard Childress. Kyle Larson anali wachiwiri, Ryan Newman wachitatu. Dillon anatenga fosholo n'kutapa dothi la pa mzere womalizira, ndipo kuyambira pamenepo fosholo ya golide inakhala chizindikiro cha wopambana.

Koma chimene anthu amakumbukira kwambiri usiku umenewo chinachitika mpikisano waukulu usanayambe. Norm Benning, wa zaka 61, amene ankayendetsa pikapu yakeyake nambala 57 ndi ndalama zochepa, ankalimbirana malo otsiriza ndi Clay Greenfield mu mpikisano wa mwayi womaliza. Pa ulendo womaliza anagundana mbali ndi mbali, Benning anakanikiziridwa kukhoma, koma sanachotse phazi pa moto mpaka anadutsa mzere ali patsogolo. Galimoto yake inali itawonongeka, ndipo amakaniko a matimu ena, olemera kuposa yake, anathamangira kukamuthandiza kuikonza kuti ayambe nawo. Anamaliza pa nambala 26. Nkhani ya Benning ikusonyeza chimene dongosolo la timipikisano tating'ono linabweretsa: munthu wa kumbuyo kwenikweni, amene pa mipikisano ina kamera siimuona, anakhala ndi mphindi zake pamaso pa dziko lonse.

Mu 2014 anapambana Darrell Wallace Jr., wodziwika kuti Bubba, mu Toyota ya Kyle Busch Motorsports, ngakhale kuti analibe mbiri ya pa dothi. Larson anamuthamangitsa potsata khoma, akumalimenya kambirimbiri, mpaka galimoto yake inathyoka kutangotsala maulendo ochepa. Mu 2015 timu yomweyo inapambananso ndi Christopher Bell, mnyamata wa zaka 20 wochokera ku galimoto za sprint car ndi zina zazing'ono zotchedwa midget, pa mpikisano wake wachitatu wokha mu ligi ya mapikapu. Amene anamuvutitsa anali Bobby Pierce wa zaka 18, katswiri wa late model, mu galimoto ya timu yaing'ono ya MB Motorsports, amene anamaliza wachiwiri chivindikiro cha kumbuyo chikulendewera. Pierce anatsogoleranso nthawi yaitali mu 2016 asanamenye khoma, ndipo chaka chimenecho Larson anapambana potsiriza, mu Chevrolet ya GMS Racing, atabwerera kuchokera m'mbuyo pomwe tayala linamuphulikira ndipo analangidwa ulendo umodzi.

Kupambana kwa 2017 kuli ndi phunziro lake. Matt Crafton, katswiri wa ligiyi mu 2013 ndi 2014, anali munthu wa phula weniweni. Poona kuti Eldora ikubwera chaka ndi chaka ndipo mapointi ake ndi ofanana ndi a mipikisano ina, anayamba kuthamanga ndi galimoto ya pa dothi yotchedwa dirt modified pa nthawi yake yopuma kuti aphunzire dothi. Anapitirira Stewart Friesen, amene anatsogolera gawo lalikulu la usikuwo, n'kupambana. Kuyambira 2016 kupambana kamodzi kunkapereka malo mu ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri, kotero Eldora sinalinso masewera apadera. Inali yotha kusintha chaka chonse cha dalaivala.

Mu 2018 Chase Briscoe ndi Grant Enfinger, onse a timu ya ThorSport mu ma Ford, anathamanga maulendo awiri omaliza atagundana zitseko. Briscoe anapambana ndi masekondi 0.038. Mpikisano womaliza unachitika Lachinayi pa 1 Ogasiti 2019. Briscoe anatenga zigawo ziwiri zoyamba kenako analowa kukasintha matayala. Friesen, wa ku Canada, amene moyo wake wonse wathamanga pa dothi la kumpoto chakum'mawa kwa America, sanalowe. Anatenga malo oyamba ndi matayala akale ndipo palibe anamuchotsapo. Kunali kupambana kwake koyamba mu ligiyi, atalephera pang'onong'ono kangapo.

Zimene zinkadandaulitsa

Si zonse zinali zokoma. Mbendera yachikasu, yolamula onse kuchepetsa liwiro pakakhala ngozi, inkatuluka pafupipafupi chifukwa galimoto zinkaterereka n'kutembenuka, ndipo popeza bwalo ndi lalifupi, maulendo ambiri ankatha galimoto zikuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto yotsogolera. Mu 2019 vutoli linakula mpaka oonera ambiri anadandaula kuti sanaone mpikisano wokwanira. Kunena chilungamo, mlandu unali wa malamulo kuposa wa bwalo. Mabwalo ambiri a dothi sawerenga maulendo a pansi pa mbendera yachikasu pa mipikisano yawo yaifupi, ndipo NASCAR ikanatha kutengera zimenezo pa mpikisano waukulu.

Eni matimu nawo ankawerenga ndalama. Pikapu yopita ku Eldora inkafuna zida ndi kakonzedwe kosagwira ntchito kwina kulikonse chaka chonse, ndipo inkabwerako bodi itapindika, dothi litalowa m'mabelingi, m'mabuleki ndi m'mawaya. Matimu ambiri ankasunga chimango chakale kuti chizigwira ntchito usiku umodzi umenewu basi. Dzina nalonso linasintha: Mudsummer Classic linkafanana kwambiri ndi Midsummer Classic, dzina limene ligi ya baseball ya Major League Baseball imagwiritsa ntchito pa masewera ake a akatswiri, ndipo kuyambira 2016 linasiyidwa.

Mmene unathera

Mpikisano wa 2020 unali pa kalendala, koma unathetsedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19. Mwambo wa Eldora unkadalira ndalama za pakhomo, ndipo popanda khamu la anthu sukanadzilipira. Panthawiyo ambiri ankaganiza kuti ndi kupuma kwa chaka chimodzi.

Stewart anali atanena poyera kwa zaka zingapo kuti akufuna ligi yachiwiri ya Xfinity kapena ya Cup ibwere pa bwalo lake. Mfundo yake inali yomveka: Eldora ndiyo inaika ndalama ndi mbiri yake pachiswe kuti isonyeze kuti galimoto zolemera za NASCAR zingathe pa dothi. Pa 30 Seputembala 2020, zaka 50 ndendende chichitikire mpikisano wa ku Raleigh uja, NASCAR inatulutsa kalendala ya Cup ya 2021 yokhala ndi mpikisano wa pa dothi. Malo ake sanali Eldora. Anali Bristol Motor Speedway ku Tennessee, bwalo la konkire la kampani ya Speedway Motorsports, limene anakonza zolikwirira ndi dothi kwa kanthawi. Stewart anakwiya ndipo sanasainenso mgwirizano wa mapikapu. Iye mwini ananena pambuyo pake kuti chisankho chosiya chinali chake.

Mbali ya NASCAR nayo inali ndi zifukwa zake. Bristol ili ndi mipando yoposa 100,000, msewu wa amakaniko, makoma ofewa, malo a makampani othandiza ndi zonse zimene TV imafuna. Inali kale ndi masiku awiri pa kalendala ya Cup, ndipo mpikisano wake wa kumayambiriro kwa chaka unali utayamba kusowa anthu. Kupatsa Eldora tsiku kukanafuna kulanda bwalo lina, pomwe masiku ambiri a Cup ali m'manja mwa NASCAR yomwe ndi Speedway Motorsports. Eldora ndi ya munthu payekha, ili kumudzi, misewu yolowera ndi yaing'ono ndipo mipando yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza. Pa ndalama chisankhocho chinali chomveka. Pa mpikisano weniweniwo chinali cholakwika, ndipo zaka zitatu zotsatira zinasonyeza zimenezo.

Ku Bristol anathira malole a dothi oposa 2,000 pamwamba pa konkire. Pa sabata yoyamba, mu Malichi 2021, kunagwa mvula yambiri. Kampikisano koyamba ka mapikapu kanaimitsidwa patangotha ulendo umodzi chifukwa magalasi ndi masefa anali atamatidwa matope, vuto lomwe lija anthu a ku Eldora ankalipewa. Zonse zinasunthidwira Lolemba masana, ndipo dzuwa litaumitsa dothi kunabuka fumbi lotchinga maso. Martin Truex Jr. anapambana wa mapikapu, Joey Logano wa Cup. M'zaka ziwiri zotsatira anausamutsira usiku ndipo zinthu zinayenda bwinoko, koma dothi logona pa konkire kwa masabata ochepa silisunga chinyezi ngati la bwalo lenileni.

Malo a Eldora pa kalendala ya mapikapu anapita ku Knoxville Raceway ku Iowa, bwalo lenileni la dothi la theka la mailo, lotchuka ndi sprint car, koma losapendekeka kwambiri. Pa 9 Julaye 2021 labala anamata m'munsi, aliyense anathamangira mzere umodziwo, ndipo njira yopitirira inangokhala kukankha mnzako. Mbendera yachikasu inatuluka ka 14, anaonjezera nthawi kanayi, Austin Hill n'kupambana. Mu 2022 anapambana Todd Gilliland, ndipo Knoxville inachoka pa kalendala. Bristol inathira dothi komaliza mu 2023, pomwe Logano anapambana wa mapikapu ndipo wa Cup anatenga Christopher Bell, yemwe uja wa ku Eldora mu 2015. Mu 2024 panalibe mpikisano wa pa dothi ngakhale umodzi m'maligi atatu akuluakulu a NASCAR.

Eldora yokha sinagwe nazo. Mu Juni 2021 inalandira ligi yatsopano ya mipikisano ya galimoto ya SRX imene Stewart anayambitsa ndi Ray Evernham, ndipo Stewart anapambana pa bwalo lake lomwe. Mu 2022 inachititsa Eldora Million wa galimoto za late model, pomwe Jonathan Davenport analandira madola 1,002,022, ndipo mu 2023 Logan Schuchart analandira madola 1,002,023 pa mpikisano wofanana wa sprint car. World 100, Kings Royal ndi Dream zikuchitikabe chaka chilichonse pa dothi lomwelo.